Ndisayine, azakhali?

Mvula itatithamangitsira pakhonde la sitolo pa Ginnery Corner, tinapanikizana moti mawu a mnzako ankakulowa m'khutu ngakhale usakufuna. Ambiri tinali ochokera kuchipatala cha Kwinzi: magadiyani onyamula mabeseni ndi mafulasiki, odwala otulutsidwa, ndi ena odikira minibasi ya ku Limbe. Pambali panga panaima mayi wa zaka zoyandikira 40, wovala mwaukhondo, milomo yotuwa, atafumbata kabuku ka kuchipatala kokulungidwa m'jumbo. Mimba yake inali yotumphuka pansi pa chitenje. Mnyamata wina anadzuka pabenchi n'kunena kuti, "Khalani apa mayi, muli ndi pakati inu." Mayiyo anakhala, koma sanathokoze. Anangoyang'ana pansi.

"Ndisayine, azakhali?" anafunsa motsitsa mawu.

Azakhaliwo, gogo wa duku lobiriwira amene ankaoneka kuti wachokera kumudzi m'mawa womwewo, anaomba m'manja kamodzi. "Usayine chiyani, mwana iwe? Akachotsa ndiye kuti achotsa. Chiberekero si dzino la mwana loti ligweruke lina limere."

Nkhani inatuluka pang'onopang'ono. M'mimbamo munalibe mwana. Munali zotupa, zimene madokotala amati ma fibroids, ndipo pomujambula anapeza zingapo, chiberekero chitakula ngati cha mimba ya miyezi isanu. Pabanja wakhalapo zaka zambiri, wapita padera kawiri, mphatso sanaigwirepo m'manja. Mwezi uliwonse amataya magazi kopitirira sabata, ena oundana. Tsiku limenelo anamuuza kuti magazi ake ali pa 7, pamene a mayi wathanzi amayenera kufika pa 12. Dokotala anamuikira njira ziwiri: kuchotsa zotupa zokha chiberekero n'kutsala, kapena kuchotsa chiberekero chonse. Anamuuzanso poyera kuti akasankha yoyambayo, magazi akakana kusiya ali m'fiyeta adzakakamizika kuchotsa chonse kuti amupulumutse, choncho pepala losayina liyenera kuvomereza zonse ziwiri.

"Ndiye mukuona, azakhali, ndikhoza kugona ndili nacho n'kudzuka ndilibe."

Zotupa zimenezi si khansa. Ndi mnofu umene umamera m'khoma la chiberekero m'zaka zimene mayi akusamba, ndipo nthawi zambiri umafota akasiya kusamba. Amayi achikuda zimawagwira kwambiri kuposa a mitundu ina, zimayamba msanga, zimakulanso kwambiri. Ambiri ali nazo osadziwa, ndipo amabereka bwinobwino. Zimavuta malinga ndi pamene zamera. Chotupa chimene chatulukira m'kati, momwe mwana amayenera kukhazikika, chikhoza kukhala chaching'ono koma n'kumataitsa magazi ndi kupititsa padera, pamene chachikulu cha kunja chimangopanikiza chikhodzodzo n'kumakodzetsa pafupipafupi. N'chifukwa chake mayi wina amamupatsa mapiritsi n'kubwerera kwawo, wina n'kumuuza za mpeni.

Azakhali sankamva zimenezo. Iwo maganizo anali kumudzi. "Izi n'zochita kukumanga. Kuli munthu kuseri kwa phiri kwathu kuja, wathandiza ambiri. Tiyambe tapita kumeneko."

"Ndamwa kale, azakhali. Mizu ndamwa, madzi odalitsa ndamwa, kuphiri ndagonako. Mimba ikungokula."

"Nanga apongozi ako akamva? Sapita kwa ankhoswe mawa lomwe? Mwamuna ameneyu amupezera wina, iwe uli pompo."

Apa mayiyo sanayankhe, ndipo ine sindikanatha kuwaweruza azakhaliwo. Mantha awo sanawatole m'mwamba. Aona akazi akutchedwa chumba pamaliro ndi pachitsime, aona katundu wa mkazi akutulutsidwa panja chifukwa m'nyumba simunalire khanda. Ankamuteteza mwana wa mchimwene wawo m'njira imene amaidziwa. Chimene chinandiwawa n'chakuti m'kukambirana konseko munatchulidwa mwamuna, apongozi, ankhoswe ndi anthu a kumpingo, koma chizungulire chimene chimamugwetsa mayiyu kubafa sichinatchulidwe. Iye mwini ndi amene anachitchula, mochita kupepesa, pamodzi ndi tsiku limene anadzuka pampando kuntchito n'kupeza wathimbiriza, anzake aamuna akuona.

Mayi wogulitsa nthochi, amene anakhala pansi lichero lili pamiyendo, anali akumva zonse. Anatsokomola pang'ono.

"Pepani amayi, ndalowerera za eni. Ine changa anachotsa."

Onse awiri anatembenuka.

"Ndinachedwa ndi matenda kunyumba, mwana anagona mopingasa. Pofika kuchipatala chiberekero chinali chitang'ambika. Ndinadzuka mwana palibe, chiberekero palibe. Sanandifunse, ndipo sindiwadandaula, nthawi yofunsa panalibe. Akanadikira kuti ndisayine, bwenzi nthochizi akugulitsa wina. Koma inu achemwali, mwayenda ndi miyendo yanu, akuuzani kuti mukaganize. Nthawi yofunsa muli nayo. Funsani mpaka atope nanu."

Azakhali anasendera pafupi, n'kutsitsa mawu, ngakhale kuti tonse tinamva. "Nanga zakuchipinda? Amati mwamuna amadziwa, amati mumatsala dzenje."

"Bodza limenelo, gogo. Njira imakhalapo monga kale. Ine anandisiyira mazira, ndiye thupi silinasinthe, kungoti kumwezi sindipita. Bala litapola ndinabwerera kumsika. Abambo akunyumba tili limodzi mpaka lero." Anakonza nthochi zake, kenaka anawonjezera: "Koma sindikunamizani. Mwamuna wa mnzanga wina anathawa. Ndipo ine ndikaona matewera pachingwe cha aneba, mumtima mumabaya ndithu. Ndikulera ana awiri a malemu mng'ono wanga, amanditcha amayi, ndimawakonda. Kubayako sikunathe."

Mawu a mayi wa nthochiyu anandikhudza chifukwa sanakometse mbali iliyonse, ndipo zimene ananena za thupi n'zoona. Akachotsa chiberekero n'kusiya tiziwalo totulutsa mazira, mayi amasiya kusamba ndipo sangatengenso pakati, koma mahomoni ake amapitiriza kugwira ntchito, sakalamba tsiku limodzi monga anthu amaopsezera. Kuchira kwa opaleshoni yong'amba pamimba kumatenga pafupifupi masabata asanu ndi limodzi. Zotupa sizibweranso, kutaya magazi kumatheratu.

Njira inayo nayonso ili ndi mtengo wake. Kuchotsa zotupa zokha kumasiya khomo la mwana lotsekula, koma sikulonjeza mwana. Zotupa zimatha kumeranso. Chiberekero chimatsala ndi zipsera, moti mimba ikabwera nthawi zambiri madokotala amalangiza kuchira ndi mpeni. Ndipo zaka sizidikira: mayi akapitirira 35 mwayi wotenga pakati umanka nutsika, poyandikira 40 umatsika msanga. Amene angamuuze mayi uja kuti "ingochotsa zotupa, ubereka" akumunamiza mofanana ndi amene angamuuze kuti "ingochotsa chonse, uiwala."

Pali chinthu china chimene ndinasangalala kumva mayiyo akunena yekha: anali atayezetsa khomo la chiberekero, kuyeza kwa viniga kuja, ndipo anamupeza alibe vuto. Zimenezi zimasintha nkhani yonse. Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero ikupha amayi kwambiri padziko lonse, n'chifukwa chake mu 2019 boma linayamba kupereka katemera wa HPV kwa atsikana a zaka 9. Mayi amene amupeza ndi khansa imeneyi ikadali yoti opaleshoni ingaichotse sayenera kutaya miyezi akuzungulira kwa asing'anga, chifukwa ikafalikira mpeni suthandizanso. Wa zotupa ali ndi mpata wopuma, wokonza magazi ake ndi mankhwala, wofunsanso dokotala wachiwiri. Koma mpata umenewu si wa zaka. Munthu wa magazi 7 amene akutayabe mwezi ndi mwezi mtima wake ukugwira ntchito yoposa mphamvu zake.

Azakhali anayesanso. "Komabe mwamuna wako ndiye asayine. Ndi mutu wa banja."

"Anandiuza kuti ndisayine ndine," anatero mayiyo.

Anamuuza zoona. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limafuna kuti wachipatala atenge chilolezo cholemba kwa munthu amene akulandira thandizo la uchembere asanamuchite chilichonse. Thupi limene ligone pa tebulo ndi la mayiyo, magazi amene akutayika ndi ake. Ine ndikufuna mwamunayo apite kuchipatalako, ndithu apite, koma akakhale pampando n'kumva ndi makutu ake zimene mkazi wake wakhala akusenza. Akayezetsenso iye mwini, popeza kusowa kwa mwana m'nyumba nthawi zina kumachokera kwa bambo, ndipo n'kulakwa kuti mkazi alowe m'fiyeta kukasunga chiberekero pamene mbali inayo palibe amene waiyang'ana.

Mvula itayamba kuchepa, mayi uja anapempha cholembera kwa mnyamata amene anamupatsa malo. Anatsekula tsamba lomaliza la kabuku kake n'kuyamba kulemba, akutchula mokweza kuti azakhali amve. Zotupazo zilipo zingati, ndipo zamera pati? Mukachotsa zokhazo, mwayi woti chiberekero chitsale ndi wotani kwa munthu ngati ine? Machubu anga ali bwino? Pali mankhwala oletsa magaziwa pamene ndikuganiza? Ndingadikire mpaka liti osaika moyo pachiswe? Mukachotsa chonse, mazira musiya?

"Lembaninso kuti mudzagwira liti ntchito zolemetsa," anatero wa nthochi. "Ine palibe anandikumbutsa kufunsa, ndinasenza ndowa msanga."

Analemba. Kenaka anatulutsa foni n'kuimbira mwamuna wake. Sindinamve za mbali inayo, ndinangomva iye akunena kuti, "Ayi, Lachinayi mupemphe kuntchito. Ndikufuna mukamve nokha."

Woitanira anayamba kukuwa za Limbe, anthu n'kuyamba kutsika pakhonde. Azakhali anamangitsa chitenje, ananyamula chikwama cha mwana wa mchimwene wawo, n'kugula nthochi za K500 osanenerera. Asanatsike anagwira mkono wa mayi uja.

"Kumudzi sindibwerera mawa. Lachinayi ndilowa nawo kwa dokotalayo. Tatsegulanso kabukuko, ulembe langa: magazi akafunika, a munthu wa msinkhu wanga amalandira?"