Wa Pachala Ngwamphepo

Akuluakulu akale anali ndi mpata woganiza okha, poti kunalibe wailesi yowauza zoti aganize. N'chifukwa chake anatisiyira mwambi woti fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo. Amene anaonapo gogo akutapa fodya wopera m'kabotolo akudziwa kuti ulendo wochoka pachala kukafika pamphuno ndi waufupi zedi. Komatu pakamtunda kameneko m'pamene pamagwa ngozi zonse. Mwera uomba, mdzukulu agunda chigongono, mlendo aodira pakhomo, basi gogo atsala akununkhiza chala chopanda kanthu.

Dziko lathu lakhala likuyenda kamtunda kameneka kuyambira 1964, ndipo amene amatiuza kuti tatsala pang'ono kufika ndi atolankhani a boma. Nthawi ya Ngwazi Kamuzu Banda kunalibe kanema, choncho za fodyayo tinkangomva pa MBC. Mu 1999 kunabwera TVM, tinayamba kuona chalacho ndi maso athu, chovala mphete, chikuloza tchire pamene padzakhale fakitale. Nkhani za madzulo zili ndi dongosolo lake losasintha. Yoyamba, mtsogoleri wa dziko lino wati dziko likupita patsogolo. Yachiwiri, mafumu a m'boma lakutilakuti athokoza mtsogoleri wa dziko lino ponena kuti dziko likupita patsogolo. Yachitatu, bungwe lina limene simunalimvepo layamikira mafumuwo chifukwa chothokoza. Kenaka za mpira, kumene mwamwayi zigoli sizitheka kuzikongoletsa.

Boma likasintha, wowerenga nkhani sasintha mawu, amangosintha dzina. Amayi ovina nawo amangosintha nsalu: yachikasu ilowa m'sutikesi, ituluka yabuluu, kenaka yaolenji, kenaka yabuluu ibwerera, kenaka ya tambala wakuda, kenaka yabuluu ija aichapanso. Mayi wanzeru sataya nsalu ya chipani. Amadziwa kuti ndale za kuno n'zozungulira.

Fodya wa pachala wotchuka kuposa onse ali ku Nsanje. Mu Okutobala 2010 a Bingu wa Mutharika anatsegulira doko kumeneko, loti sitima zizichoka kunyanja yamchere, kulowa mu Zambezi, kukwera Shire mpaka kudzakocheza kwathu konkuno. Kunabwera a Robert Mugabe a ku Zimbabwe ndi a Rupiah Banda a ku Zambia. Ng'oma zinalira, makamera anajambula, zolankhula zinalankhulidwa. Chinasowa ndi chinthu chimodzi chokha, chaching'ono: sitima. Chombo chimene chinanyamula feteleza kuti chidzakongoletse mwambowo chinagwidwa ndi boma la Mozambique chisanafike, poti eni mtsinje wa kumunsiko anali asanavomereze. Mpaka pano dokolo likudikirabe. Tinakhala anthu oyamba kuvinira mkwati amene makolo ake sanamve n'komwe za chinkhoswe.

Chaka chomwecho tinachita china choposa pamenepo. Mbendera yathu inali ndi dzuwa lofiira longotuluka kumene, kusonyeza kuti kwacha. Boma linaona kuti dziko latukuka kwambiri moti sikungakhalebe m'bandakucha, ndiye linaika dzuwa loyera lathunthu pakatikati, la masana. Patangotha chaka, anthu anali pamizere ya mafuta ndi zigubu m'manja, akupsa ndi dzuwa lathunthu lomwelo. Mu 2012, a Joyce Banda atalowa m'boma, aphungu anabweza dzuwa lakale. Sindikudziwa dziko lina limene linabweza dzuwa m'mbuyo pochita kuvota m'nyumba ya malamulo.

Tilinso ndi luso loika fodya pachala chakutali. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 tinalemba Masomphenya a 2020, onena kuti pofika chakacho tidzakhala dziko la chuma chapakatikati. Chaka cha 2020 chinafika osagogoda, chinatipeza tikuphikirabe pamafuwa. Sitinataye mtima. Mu Januwale 2021 tinakhazikitsa masomphenya ena, a Malawi 2063. Apa ndiye panaoneka nzeru, chifukwa pofika 2063 ambiri mwa olemba ndi oombera m'manja adzakhala ali kumalo kumene atolankhani safunsako mafunso.

Chiyembekezo chachikulu cha posachedwa chinabwera mu 2020. Pa 3 Febuluwale oweruza asanu anafafaniza chisankho cha 2019 chija chopakidwa Tipp-Ex, ndipo pa 23 Juni a Lazarus Chakwera ndi mgwirizano wa Tonse anapambana. Panali lonjezo la ntchito 1 miliyoni, kudya katatu patsiku, ndi ulendo wa ku Kenani. Ulendo uno si MBC yokha inaimba. Magazini ya ku London ya The Economist inatcha Malawi dziko lopambana la chaka cha 2020. Azungu nawo anasuzumira chala chathu n'kugwedeza mutu kuti fodya uyu ndi wabwino. Kenaka mphepo inayamba, yeniyeni. Namondwe Ana mu Januwale 2022 anagumula damu la Kapichira, magetsi n'kumabwera ngati mlendo wa usiku. Namondwe Freddy mu Malichi 2023 anakokolola midzi ndi miyoyo kumwera. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene ankadikira kudya katatu anayamba kuwerengera ndi madzi akumwa omwe kuti nambala ikwane.

Koma tisanamizire mwera zonse. Pali mphepo ina yokhala ndi milomo, imene imaima pafupi ndi chala n'kuuzira dala, chipewa chili pansi cholandirira. Mu Seputembala 2013 tinaidziwa dzina lake, Cashgate, pamene mabiliyoni a boma analipidwa kwa anthu amene sanagulitse boma ngakhale singano, ndipo ndalama zina zinapezeka m'mabuti a galimoto. Mphepo yotereyi a zanyengo saiona pa makina awo. Imaoneka ikamanga nyumba zosanja ku Area 43.

Tsono wina anganene kuti mwambiwu ukutiphunzitsa kusakhulupirira kalikonse. Ayi ndithu. Mwambiwu uli ndi mbali ziwiri, ndipo yoyamba ikuti fodya wa pamphuno alipo, ndipo ndi wako. A Bakili Muluzi atanena mu 1994 kuti sukulu ya pulayimale ikhale yaulere, inakhaladi yaulere, ana oposa 1 miliyoni anathamangira kukalembetsa. Makuponi a feteleza a a Bingu atayamba mu 2005, nkhokwe zinadzaza mpaka tinagulitsako chimanga kunja. Thumba la feteleza la K4,495 limene a Tonse analonjeza linafikadi kwa alimi ambiri chaka choyamba, lisanakwere kufika K7,500 kenaka K15,000. Yunivesite ya MUST ili chiimire ku Thyolo, bwalo la Bingu ku Lilongwe anthu amaonerako mpira, ndipo amene ankayenda msewu wa Karonga kupita ku Chitipa usanaikidwe phula safuna wailesi kuti imuuze kuti zinthu zinasintha. Msana wake ukudziwa.

Chimene akuluakulu anaiwala kutichenjeza n'chakuti fodya akafika pamphuno amayetsemulitsa. Sukulu yaulere inabwera ndi ana oposa 100 m'kalasi imodzi, ena pansi pa mtengo, mphunzitsi ataphunzira ntchito mothamanga. Makuponi anabwera ndi mavenda, maina a anthu akufa, ndi mafumu amene mwadzidzidzi anapezeka ndi midzi yambiri kuposa anthu. Kuyetsemula koteroko n'chizindikiro chakuti china chake chalowadi. Doko la Nsanje silinayetsemulitse munthu aliyense.

Masiku ano kwabadwanso mtundu wina wa anthu, okhala pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp, amene anakhumudwa kambirimbiri moti ngakhale fodya ali m'mphuno mwawo, misozi ikutsika, amakanabe kuti palibe chimene chachitika. Akuyenda pa msewu watsopano wa Kenyatta ku Lilongwe, foni ili m'manja, akulemba kuti boma silinamange kanthu. Awanso ndi ana a MBC, kungoti anabadwa chozondoka. Wailesi ya boma imati zonse zili bwino isanaone, iwo amati zonse zaipa asanaone. Pakati pawo pali mayi wa pamsika amene sawerenga nyuzipepala iliyonse koma amadziwa mmene chuma chikuyendera poona kukula kwa kapepala ka mafuta ophikira a K500. Ameneyu ndiye katswiri, kungoti saitanidwa ku zokambirana za pakanema chifukwa alibe jekete.

Pa 16 Seputembala 2025 tinavotanso, ndipo a Peter Mutharika, amene tinawatsanzika mu 2020, tinawaitananso. Apa aMalawi tinaonetsa kuti mphuno zathu zimagwira ntchito: zikadikira zaka zisanu osamva kanthu, zimasintha chala mwamtendere, popanda mfuti. Maiko ambiri a mu Africa muno amasirira zimenezi. Chiyembekezo chabweranso, ndipo n'chabwino, chifukwa munthu wopanda chiyembekezo sadzala ngakhale phesi limodzi. Chofunika n'kungodziwa kuti kuombera m'manja nako kumabweretsa kamphepo, ndipo ukaomba kwambiri pafupi ndi chala umauluza fodya wako yemwe.

Ndiye ndili ndi pempho kwa akuluakulu a nyumba zoulutsira mawu, za boma ndi zomwe si za boma. Yambitsani pulogalamu ya mphindi 30 pa sabata. Mtolankhani azitenga kamera n'kubwerera pamalo alionse pamene anaikapo mwala wa maziko zaka zitatu zapitazo. Asamalankhule kanthu, azingojambula. Ngati pali chipatala, tione anamwino ndi mankhwala, ndipo mtsogoleri alandire ulemu wake wonse, ngakhale kwa amene sanamuvotere. Ngati pali mbuzi itagona pamwalapo, mbuziyo ipatsidwe mpata, ikhale pakanema mphindi zonse zimene nduna inalankhula pa tsiku lija. Ndalama zoyendetsera pulogalamuyi zisakudetseni nkhawa. Ingolengezani kuti iyamba posachedwa, muitane amayi ovina, mudule riboni, ndipo mafumu adzakhala atathokoza kale.