Atsibweni, Ndamenyedwa ndi Kamwana ka Sukulu

Kalatayo inafika ku Chamama m'chikwama cha transipota, pamodzi ndi bulangete, mafuta ophikira ndi foni yosweka galasi. Masiku ano a ku Joni amangotumiza mawu pa WhatsApp, koma mnyamata amene analemba kalatayi ali komweko ankadziwa kuti atsibweni ake foni amaiyatsa Lamulungu lokha. Choncho analemba pamanja masamba anayi, ndipo mzere woyamba unangotsala pang'ono kugwetsa mkuluyo pampando.

"Atsibweni, ndikulemba ndi chisoni. Ndamenyedwa maulendo 12 motsatizana ndi kamwana ka sitandade 6, anthu akuonerera."

Mayi a mnyamatayo anali atamanga kale chitenje m'chiuno kuti ayambe kulira, poganiza kuti zabukanso zija zothamangitsa alendo za mu 2008 ndi 2015. Tsamba lachiwiri ndi lomwe linawakhazika pansi. Nkhonyazo zinali za pakanema, mu gemu yotchedwa Tekken, imene kampani ya Namco ya ku Japan inatulutsa koyamba mu 1994.

Asanakwere basi, mnyamatayu anali tambala pa Kasungu boma. M'kachisakasa kena pafupi ndi depoti, komwe ana amalipira kangachepe kuti agwire PlayStation, palibe ankamuima kutsogolo. Ankasankha Eddy Gordo, munthu wa mu gemu amene amamenya ngati akuvina, mwa kamenyedwe ka ku Brazil ka capoeira. Aliyense amene anagwirapo Tekken 3 akudziwa chinsinsi cha Eddy: ukangodinya mabatani awiri a miyendo ngati ukusinja nsinjiro, iye amazungulira yekha, mateche ali mbwee. Anzake ankati ali ndi mphatso. Ena ankanong'ona kuti anatemera m'zala. Iye sanatsutse.

"Kuno ku Mayfair," kalatayo ikupitiriza, "kuseri kwa malo ometera kuli kanema, ndipo Loweruka madzulo tikaweruka timasonkhana. Ndinalowa ndi matama, n'kunena kuti kwathu amanditcha chilombo cha ku Kasungu. Kamwanako sikanayankhe. Kanangotchinga, kutchinga, kutchinga, ngati mlamu wokana ngongole. Ine nditangophonya teche limodzi, kanandinyamula m'mwamba, ndipo sindinapondenso pansi mpaka moyo unatha. Atsibweni, kanali kakudya mabisiketi ndi dzanja linalo pakati pa maraundi."

Kumenyedwa kwa mtundu umenewu kuli ndi masamu ake. Magemu omenyana amayenda pa zithunzi 60 pa sekondi imodzi, ndipo akatswiri amawerenga nthawi ndi zithunzi zimenezi. Chibakera chofulumira cha mu Tekken chimafika pakatha zithunzi 10. Diso la munthu wamba kuti lione, ubongo uganize, chala chidinye, pamapita pafupifupi zithunzi 15. Ndiye kuti chibakera chotere sungachizinde pochiona, ngakhale utabadwa ndi maso a kabawi. Umachizinda chifukwa unachidziwa chisanabwere. Teche lililonse lalikulu limasiyanso mwini wake ali pambalambanda kwa kanthawi, ndipo amene analoweza kanthawiko amadziwa chobwezera. Kamwana kaja sikankathamanga kuposa mnyamata wa ku Kasungu. Kankangodikira pamalo pomwe Eddy amatera.

"Ndinakafunsa kuti kanakhwimira kuti. Kanandionetsa malo ena mu gemu momwemo, kumene umamenya chidole chosabwezera. Kameneko kamakhala pamenepo tsiku lililonse kakaweruka, kubwereza chinthu chimodzimodzi mpaka zala zitazolowera. Ine zaka zonse zija ndinkaona ngati malo amenewo ndi a anthu opanda anzawo."

Ometa a ku Mayfair anamuonetsanso pafoni kanema amene osewera onse amamudziwa. Mu 2004, pa mpikisano wa Evo ku California, Daigo Umehara wa ku Japan anali atatsala ndi kamoyo kochepa ngati ulusi mu Street Fighter III. Justin Wong wa ku America anatulutsa mateche 15 otsatizana a Chun-Li, munthu wa mu gemu amene iye anasankha, ndipo limodzi lokha likanakwana. Daigo anawakankha onse, lililonse pa nthawi yake, n'kubwezera mpaka kupambana. Oonerera anakuwa ngati chigoli cha Flames. Anthu amati ndi matsenga, koma munthu sangagwire kugunda kwa mateche 15 asanawamvepo, monga sungalowe m'bwalo la gule n'kuponda bwino ng'oma imene sunaimvepo.

Nkhani imene inamubaya kwambiri ndi ya Arslan Ash wa ku Lahore, m'dziko la Pakistan. Kwa zaka zambiri Tekken inkaoneka ngati munda wa anthu a ku South Korea ndi Japan. Mu 2019 mnyamatayu, atavutika ndi za maviza panjira, anapambana Evo Japan, ndipo chaka chomwecho anapambananso Evo ku Las Vegas pogonjetsa Knee, katswiri wa ku Korea. Dziko litayamba kufufuza, linapeza kuti m'timanyumba ta magemu ta ku Lahore munali gulu la anyamata oopsa amene ankanolana tsiku ndi tsiku, kungoti analibe njira yotulukira kunja.

Mphatso iliko, tisanamizane. Ena zala zawo n'zopepuka, ena mtima wawo sugunda zinthu zikathina, ndipo awiri atayeserera mofanana sadzafanana. Koma mphatso ya mnyamata wa ku Chamama inayezedwa pa sikelo ya anthu osadziwa kutchinga. Arslan ankagona atamenyedwa ndi akatswiri, pomwe iye ankagona atatamandidwa ndi ana ogulitsa mandasi.

Tsamba lachinayi ndi lomwe linaputa mavu.

"Inunso atsibweni mumati diso losankha fodya munabadwa nalo. Koma amayi anandiuza kuti belo lanu loyamba linabwezedwa ku okushoni chifukwa munasakaniza magiredi, ndipo agogo anakukhazikani m'chigafa nyengo zitatu mukusankha masamba iwo akukuthirani mphepo. Lero mukangogwira tsamba mumadziwa ngati ku Chinkhoma likaseketse kapena likalize. Chidole chanu chosabwezera chinali chigafa chija."

Akuti mkuluyo anavula magalasi, n'kuyang'ana mlongo wake nthawi yaitali. Mlongoyo anapeza chochita kukhitchini.

Kalatayo inatha ndi malipoti. Mnyamatayu wasiya Eddy, akuphunzira kutchinga, ndipo Loweruka lapitalo anapambana maulendo 3 pa 12, ngakhale akukayika kuti ulendo umodzi kamwanako kankayankha foni ya mayi ake. Anapempha kuti anyamata a pa boma asauzidwe kanthu.

Yankho la atsibweni linabwerera ndi transipota yemweyo, lolembedwa kuseri kwa lisiti la mbewu. Anati anthu a nthawi ya Wenela ankabwera ndi njinga, wailesi ndi suti, osati mbiri ya kumenyedwa ndi ana. Anati nazale yamera bwino, ndipo matumba awiri a feteleza afike mvula isanagwe. Za belo lija sanatchulepo. M'munsi mwenimweni anawonjezera kuti bawo ikadali pansi pa mtengo wa mango, ndipo ngati chilombo cha ku Kasungu chikufuna kudziwa kuti kumenyedwa maulendo 12 n'chiyani, chibwere pa Khirisimasi.