Kodi Lita ya ku Japan ndi Yaikulu Kuposa ya pa Dyeratu?

Alamu anga anaitanitsa Nissan X-Trail kuchokera ku Japan, inatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe. Mabuku a kwawoko amati galimoto ya mtunduwu imayenda makilomita 16 pa lita imodzi ya petulo. Kuchoka pa boma la Chikwawa kukafika ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 50, choncho masamu a ku pulayimale akuti malita atatu ndi kadontho akwana. Nanga bwanji alamu, akathira atatuwo, sayerekeza n'komwe kuwoloka mlatho wa Kamuzu?

Makaniko wina wa pa Nchalo anati nambalayo si yabodza. Akuti imachokera ku mayeso otchedwa JC08. Galimoto amaiika m'nyumba, matayala ali pa zigudumu zozungulira, n'kuiyendetsa kwa mphindi 20, AC ili yozimitsa, liwiro osafika pa makilomita 82 pa ola. Ine ndinafunsa: ndiye kuti makilomita onsewo inayenda osachoka pamalo? Anati eya. M'nyumbamo muli chitunda? Ayi. Mchenga wonga wa msewu wa ku East Bank? Mulibe. Nanga anakwezamo apongozi, ana anayi, matumba awiri a mpunga ndi mbuzi ya chinkhoswe? Anangoseka. Komatu akuti ndi galimoto ya banja. Banja lake liti?

Za AC zandizunguza. Mwezi wa October kuno kutentha kumapyola madigiri 40, phula n'kumanyezimira ngati pathiridwa madzi. Ukayatsa AC akuti injini ikusenza katundu wina ndipo ikumwa kwambiri. Ukatsitsa magalasi uli pa liwiro akuti mphepo ikuikoka galimoto m'mbuyo, ikumwanso. Tsono munthu wa m'chigwa cha Shire atani, aziyenda usiku wokhawokha?

Koma chondisowetsa tulo ndi zitunda za Thabwa. Blantyre ali pamwamba, mamita oposa 1,000. Ife tili pansi penipeni. Pokwera, galimoto imalira pa giya yaing'ono, geji n'kumatsika maso akuona. Izi ndazimvetsa, ngakhale wa kabaza amatuluka thukuta pamtunda. Pobwerera imangotsetsereka yokha, injini osamwa kanthu kwenikweni. Ndinkayesa kuti zomwe zinatayika pokwera zibwerera potsika, ngongole ithe. Alamu akuti sizibwerera zonse. Mphamvu ija inapita kuti? Makaniko anati ndikanunkhize pa rodibuloko ya pa Thabwa: fungo lopserera la mabuleki ndi petulo yemwe uja, wasanduka moto m'makona. Ndiye kuti timalipira kukwera phiri, kenako n'kuwotcha chenji chathu potsika?

Galimoto za hybrid akuti zimasunga ina mwa mphamvuyo m'batire. Kodi batire ikadzaza phiri lisanathe, yotsalayo imapita kuti?

Palinso kakompyuta ka kutsogolo kwa dalaivala, kamene kamalemba nambala yakeyake. Ulendo wa pa M1 kupita ku Ngabu, msewu wosalala, liwiro la 80, kamalemba zokoma. Tsiku lomwe alamu anakhala pamzere wa mafuta kuyambira m'mawa, injini ikulira kuti ana asapse, n'kumasendera pang'onopang'ono, nambala inagwa. Galimoto yoima ikuyenda makilomita angati pa lita? Ndipo petulo wa m'chigubu, yemwe botolo lake la "lita" lili lofinyidwa m'mbali, timamuwerengera bwanji?

Ndinawauza kuti: "Alamu, bwanji osadzazitsa thanki, mulembe makilomita, muyende mlungu wonse, mudzazitsenso, kenako mugawe makilomitawo ndi malita omwe alowa?" Iwo anati nzeruyo ndi yabwino, ndipo ndi yokhayo yomwe singaname. Kenako anandifunsa mtengo wa petulo womwe a MERA analengeza komaliza, n'kundifunsanso ngati ndine amene ndilipire thanki yodzaza kawiri.