Ulemu kwa Mfumu Bipi, Mwini Khomo Lathu

Pa matenda onse amene amayenda m'makomo mwa anthu, ochepa okha ndi amene analeredwa bwino. Malungo ndi chimbalangondo: amakugwetsa pamphasa mudzi wonse ukuona, kukunjenjemeretsa dzuwa likuswa mtengo, ndiye ukamwa LA masiku atatu n'kuthawa osatsanzika. Chimfine ndi mwana wamwano. Kutsegula m'mimba sitingakutchule n'komwe pamaso pa akuluakulu. Koma kuthamanga kwa magazi, kumene ife anthu ake timakutchula mwaulemu kuti a Bipi, n'kwa mtundu wina. Iwo salankhula, sathamanga ngakhale dzina likuwanamizira, ndipo saodira. Pamene ukuzindikira kuti ali pakhomo, amakhala atakhalapo zaka, atadziwa mtima wako, impso zako ndi mitsempha ya m'maso mwako kuposa mmene iwe ukuzidziwira. Anthu amawatukwana tsiku ndi tsiku. Ine ndati ndigwade, ndiwaombere m'manja, poti sindinamvepo wina akuwathokoza.

Mfumu imadziwika ndi mbiri ya ufumu wake. Woyamba kuwayeza msinkhu anali m'busa wa ku Teddington ku England, Stephen Hales, amene akatsika pa guwa ankagoneka mahatchi pansi. Analowetsa kapaipi mu mtsempha wa hatchi yaikazi n'kulumikiza ku chubu chagalasi choimika, ndipo magazi anakwera kupitirira mamita awiri. Anasindikiza zimenezi mu 1733. Hatchiyo sinafunsidwe maganizo ake. Lamba wopopa uja amene amatifinya mkono anabwera ndi dokotala wa ku Italy, Scipione Riva-Rocci, mu 1896, ndipo mu 1905 dokotala wa asilikali wa ku Russia, Nikolai Korotkov, anaphunzitsa anzake kumvetsera pamene kugunda kukuyamba ndi pamene kukuzimirira mpweya ukamatuluka mu lambamo. Kuyambira pamenepo a Bipi akhala ndi manambala awiri: yapamwamba ya pamene mtima ukufinya, yapansi ya pamene ukupuma. Malire a dziko lawo ali pa 140/90. Ukangowoloka pamenepo ndi kukhazikika, walowa m'kaundula.

Ndipo saopa nkhope. Franklin Roosevelt, pulezidenti wa America amene anatsogolera dziko lake pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, anagwa pa 12 Epulo 1945 mtsempha utaphulika m'mutu, nambala itafika 300/190. Joseph Stalin, mtsogoleri wa ku Russia amene anthu ankaopa kutsokomola iye ali pafupi, anapita njira yomweyo mu 1953. Kuno kwathu, kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu aliwonse a zaka 25 mpaka 64 anali m'manja mwawo, kumudzi ndi m'tauni momwe, ndipo ochuluka kwambiri sankadziwa. Ndi chipani chiti chimene chinapezapo otsatira ochuluka chotero popanda msonkhano, popanda kugawa nsalu?

Komatu ine sindikuwatamanda chifukwa cha mapulezidenti. Ndikuwatamanda chifukwa cha zimene achita pakhomo panga, zimene ankhoswe analephera, abusa analephera, ngakhale apongozi anga, amene sanazolowere kulephera, anagwa nazo ulesi. Nyumba yathu inali ya anthu a pakamwa. Nkhani ya ndalama ya makala inkayamba m'mawa n'kugonera, mawa lake n'kudzuka ili ndi mphamvu zina. Lero mkangano ukangoyamba kutentha, wina amanong'oneza kuti, "Basi, asiyeni abambo, ingakwere," ndipo bwalo limabalalika mlandu usanagamulidwe. Wailesi imatsitsidwa. Anyamata amatseka chitseko ndi manja awiri. Achibale aja amene ankatulukira mwezi ukatha, nkhope zili zachisoni, tsopano amaima pakhonde n'kuyamba kufunsa amake ana kuti, "Alamu adzuka bwanji lero?" Akamva kuti yakwera, amamwa madzi n'kubwerera, pempho lawo lili m'thumba.

Achipatala amati a Bipi nthawi zambiri samveka m'thupi, kuti munthu akhoza kukhala pa 180 akuseka pa bawo, ndipo njira yokha yowadziwira ndi kupima. Akunena zoona. Koma achipatalawo sanaonepo mmene a Bipi amamvekera msanga m'thupi la bambo amene wangouzidwa kumene kuti fizi yakwera, kapena kuti mlamu wake akufuna chikole cha ngongole. Dzanja limapita lokha pachipumi. Ana anga sawerenga magazini, n'chifukwa chake ndikulemba momasuka.

Lamulo lawo loyamba ndi la mchere. Bungwe la World Health Organization limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 patsiku, kutanthauza kasupuni ka tiyi kosadzaza, ndipo m'kasupuni komweko muwerengeremo wa mu buledi, wa mu nsomba zouma zothira mchere, wa mu timibulu tokometsera ndiwo, osaiwala soda wa mu thelere, amene ndi mbale wake wa mchere ngakhale sadzitchula. Kambale ka mchere kaja kamene kankakhala pambali pa nsima, kamene dzanja linkapitako ndiwo zisanalawidwe n'komwe, kanachotsedwa pa udindo tsiku lomwelo. Masabata oyamba ndiwo zinkamveka ngati ukutafuna chiguduli chonyowa. Kenako lilime, limene ndi kapolo wa chizolowezi, linagonja, ndipo zakudya zinayamba kulankhula chilichonse ndi mawu ake. Nkhwani wotendera uli ndi katsekemera kake. Bonongwe ndi chisoso si zinthu zofanana monga momwe mchere unkatinamizira. Tomato wakupsa bwino, anyezi, kadontho ka ndimu ndi kambuzi mmodzi zimagwira ntchito imene tinkailipira ndi mitsempha yathu.

Pamwamba pa zonsezi, a Bipi anandipatsa chinthu chimene sindinakhalepo nacho chikwatirire: kapoto kangakanga. Ndiwo za abambo zimapatulidwa mchere usanathiridwe, n'kuikidwa pazokha, zovundikira. Palibe mwana amene amabamo. Mdzukulu wina analawa kamodzi n'kundiyang'ana ndi chifundo chimene sindinachionepo pa nkhope ya mwana, n'kufunsa kuti, "Agogo, munalakwa chiyani?" Ngakhale mphaka amanunkhiza n'kupitiriza ulendo. Chiwaya, kanyenya ndi mang'ina ndimangozipatsa moni podutsa, ndipo ndalama imene inkathera kumeneko ndi kumowa imasungika bwinobwino, mpaka tsiku limene pa windo la kuchipatala anena kuti mankhwala atha, mukagule kufamase. A Bipi sakonda kuti ndalama izikhala yopanda ntchito.

Mfumu siyenda yokha, ili ndi nduna, ndipo aliyense wa ife amapatsidwa zake. Pali HCTZ, kapilitsi kam'mawa kamene kamatulutsa madzi ndi mchere kudzera mu mkodzo. Nduna imeneyi ndi mphunzitsi wa jogalafe: ndikudziwa chimbudzi chilichonse kuchokera pakhomo mpaka kumsika, cholipira ndi chaulere, choyera ndi chongopirira. Kutchalitchi ndimakhala benchi la pafupi ndi khomo, ndipo anthu amati ndi kudzichepetsa. Pali enalapril, amene anthu ena amawapatsa kachifuwa kouma, kosatha, kotero kuti banja limadziwa kuti abambo akubwera asanafike pa geti, n'kubisa zoyenera kubisa. Pali amlodipine, amene amatupitsa akakolo a ena, mpaka nsapato zachikopa kupuma pa ntchito, masilipasi n'kulandira ulemu wopita nawo ku ukwati. Mukadandaula kuchipatala amatha kukusinthirani nduna. Mfumu yokhayo sachotsa, ndi ya moyo wonse, ndipo amene amasiya mapilitsi poti akumva bwino amangoiitana kuti idzakambe naye pafupi.

Mwambo waukulu wa pakhomo pathu ndi wopima. Makina anatumiza ndi mwana wathu wa ku Joni, ndipo amasungidwa m'kabati pamodzi ndi makapu a alendo. Malangizo ake ndi okhwima: ukhale phee kwa mphindi zisanu, msana utatsamira, mapazi ali pansi osapingasa miyendo, mkono uli pathebulo molingana ndi mtima, chikhodzodzo chili chopanda kanthu, ndipo usalankhule. Usalankhule! Ndiuzeni za mfumu ina imene inatontholetsapo khomo la anthu a pakamwa ngati athu kwa mphindi zisanu zathunthu. Lamba amafufuma, makina amalira pang'onopang'ono, maso onse ali pa kagalasi. Ikatuluka 128/82, amake ana amaomba m'manja, mdzukulu amalemba mu kope ndi zilembo zikuluzikulu, ndipo tiyi wa tsiku limenelo, ngakhale wopanda mkaka, amatsika bwino. Ikatuluka 165/100, aliyense amayang'ana pansi n'kuyamba kufufuza mlandu wake. Wina amakumbukira kuti anabwera usiku. Wina amavomera kuti m'thelere munagwera kasoda. Milandu imene ikanabisika mpaka kalekale imatuluka yokha, popanda kuopseza munthu. Tikapimanso pakapita kanthawi nambala imatha kutsika, koma oulula amakhala ataulula kale.

Kale ndinkathokoza pa zikuluzikulu zokha, mwana akakhoza mayeso, denga likafoleredwa malata, ndipo zoterozo zimabwera patalipatali, kotero kuti pakati pake munthu umangong'ung'udza. A Bipi anatsitsa mtengo wa chiyamiko mpaka aliyense angakwanitse. Ndikadzuka ndimatambasula manja onse awiri, onse n'kuvomera. Ndimamanga mabatani a malaya ndekha. Ndimaitana mdzukulu, dzina n'kutuluka lowongoka, lilime osapotoka, milomo osapendekera mbali imodzi. Pofika nthawi ya phala ndimakhala nditathokoza kangapo, ndisanalandire kanthu kwa munthu aliyense. Pali masiku ena a chizungulire, pamene ndikaimirira msanga dziko limapendama ndipo khasu limagwidwa ndi ena ine ndili pamthunzi. Masiku amenewo sindiwaimbira nyimbo. Koma ndi omwewo amene amandionetsa kuti mnyamata amene ndinkati ndi waulesi amatha kupalira ndime yonse, bola bambo ake asaime kumbuyo kwake.

Tsiku la kiliniki ndi tsiku la msonkhano wa mbumba yawo. Timafika mbandakucha, mabuku a kuchipatala m'manja, n'kukhala pa benchi limodzi: mphunzitsi wopuma, mayi wogulitsa mandasi, wakabaza, mkulu wa mpingo. Sitifunsana mayina, timafunsana manambala. Wa 190 amapatsidwa ulemu ndi malo otsamira. Ndipo a Bipi, mwa ubwino wawo, amadziwa kukwera okha akangoona yunifolomu yoyera, kuti ulendo wako usaoneke wachabe. Potuluka pamenepo upeza kuti atsegula sukulu ya udokotala mu minibasi iliyonse. Uyu akuti adyo m'mawa usanadye kanthu, uyo akuti ufa wa chammwamba, wina chidede, wina ali ndi botolo la madzi akuda limene limachiza bipi, shuga, nyamakazi ndi kusowa kwa ntchito. Onse amalankhula motsimikiza, ndipo palibe amene ali ndi makina opimira.

Chimene chimandigonjetsa kwambiri mwa iwo ndi kudzichepetsa. A Bipi safuna kutchuka ndi ntchito zawo. Akagwetsa munthu ndi sitiroko, dzulo anali bwinobwino kumunda lero mbali imodzi yafa, iwo amakhala chete n'kusiya ulemu wonse upite kwa ena. Mudzi umasonkhana n'kunena kuti wamenyedwa ndi hamala ya amfiti. Amafufuza amene anakangana naye za malire a munda. Amaloza gogo wina wamasiye wa maso ofiira, amene maso akewo anafiira ndi utsi wa nkhuni, ndipo nthawi zina nyumba yake imagwetsedwa. A Bipi amakhala ali pomwepo pa bwalo, m'mitsempha ya oweruza ndi ya mboni, osadzitchula ngakhale pang'ono. Impso zikalephera amati ndi poizoni. Mtima ukatupa amati ndi maganizo. Wantchito wina aliyense akanafuna kuti dzina lake lilembedwe.

Posachedwapa aonetsanso kuti sakondera, poti alowa ndi mwa amake ana. Chishango chimene chinali changa ndekha tsopano tikugawana. Ndikagwira pachipumi, iwonso amagwira pawo n'kunena kuti, "Inu abambo, yanga ndiye inali pamwamba dzulo," ndipo kope la mdzukulu limabwera kudzachitira umboni. Kapoto kaja kakula, kasanduka poto wa nyumba yonse, ndipo ana akudya mchere wochepa asanalembedwe m'kaundula. Madzulo, popeza anamwino analamula kuyenda, timatuluka awiri kuzungulira mpaka kumjigo ndi kubwerera, mbali ndi mbali, chinthu chimene sitinachitepo ngakhale pa chibwenzi poopa maso a anthu. Aneba akuti chikondi chabwerera. Sitiwatsutsa.

Tsono, Mfumu, poti ndakutamandani mokwanira, lolani ndipereke madandaulo a anthu anu. Khalani m'munsimu, cha m'ma 130, pamene mpando wanu uli wofewa, musavutike kukwera zitunda. Nduna zanu zizipezeka pa windo tsiku limene talembedwa. Ana ndi adzukulu muwasiye kaye, ali ndi ngongole zawo zoti abweze. Ndipo mwezi wamawa kuli chinkhoswe cha mwana wa mchemwali wanga, kumene ine ndi mwini mbumba, ndipo nkhuku idzaikidwa patsogolo panga anthu onse akuona, yokazinga, yothira mchere ndi dzanja la munthu wosakudziwani. Sindingaibweze popanda kunyoza banja la eni ake. Ndikupempha kuti tsiku limenelo mudzayang'ane kumbali, ndipo makina tidzawaiwala m'kabati mpaka Lachiwiri.