Kuongola mtengo m'poyamba, nanga galu?

Akuluakulu anati kuongola mtengo m'poyamba. Ananena zoona, koma anasankha wophunzira wosavuta. Mtengo suba dzira m'chisa, sutafuna nsapato ya mlendo pakhomo, ndipo sunathamangitsepo njinga yamoto pamsewu wa M1. Kagalu kamamaliza zonsezi dzuwa lisanafike pamutu.

Kuno ku Nsipe sukulu ya galu ili ndi phunziro limodzi: "Choka!" Cholembera chake ndi chikuni. Chovuta n'choti aphunzitsi ndi ambiri ndipo aliyense ali ndi silabasi yake. Bambo akuti galu asayandikire pamphasa anthu akamadya. Agogo, poti galu nayenso ndi cholengedwa cha Mulungu, amamuponyera nthongo ya nsima mobisa. Ana amamuponyera mitu ya usipa kuti aone mmene amawakhira. Kenako bambo n'kumadandaula kuti galuyu ndi wosamva. Wosamva bwanji? Wamva bwino lomwe kuti pakhomo pano wokana ndi mmodzi, opereka ndi anayi.

Ivan Pavlov wa ku Russia, yemwe analandira mphoto ya Nobel mu 1904, anaona kuti agalu ake ankayamba kudontha dovu akangomva mapazi a wowabweretsera chakudya. Galu amalumikiza zinthu ziwiri zikachitika motsatana, pamasekondi ochepa chabe. Ife milandu yathu imachedwa. Mwanapiye wadyedwa m'mawa, chigamulo chidzaperekedwa madzulo bambo akabwerako ku boma. Pofika nthawiyo galu anaiwala kalekale, wagona, wadzuka, wakumba dzenje. Chikuni chikatera pamsana, chimene waphunzira n'choti bambo akatulukira pakhomo, mwendo uthandize. Ndiye mumve anthu: "Mwaona mmene wapindira mchira? Akudziwa kulakwa kwake." Ayi ndithu. Akudziwa bambowo.

Za dzira lotentha limene ena amakanikiza m'kamwa mwa galu wakuba mazira, imeneyo ndi nkhanza basi. Kwezani chisa, ndipo galuyo adye. Phala la madeya kamodzi patsiku, nkhuku n'kumaikira pansi pa nkhokwe iye akuona, mukuti apirire ngati ndani?

Nkhani ya njinga zamoto ndiyo imandisangalatsa, chifukwa galu ali ndi umboni. Amauwa, njinga imathawa. Chiyambireni ntchitoyi palibe wakabaza amene anaima n'kumutsutsa. Onse anathawadi, ena mpaka ku Balaka. Mungamuuze bwanji kuti sagwira ntchito? Mankhwala ake ndi chingwe ndi thumba la bonya. Khalani naye chapatali ndi msewu. Njinga ikadutsa iye osauwa, kabonya m'kamwa nthawi yomweyo. Mawa sunthirani pafupi pang'ono. Ena amati kumeneko n'kuzolowetsa galu ziphuphu. Tiitchule kuti alawansi. Akuluakulu amatayi opita kumaphunziro kunyanja nawonso mitu yawo sitseguka envulopu isanafike, ndiye kagalu ka miyezi inayi kalakwanji?

"Poyamba" pa galu ndi pafupi kuposa mmene timaganizira. Odziwa za agalu amati kuyambira masabata 3 kufika cha m'ma 14 m'pamene kagalu kamazolowera msanga chilichonse chimene kakumana nacho mwamtendere: nkhuku, mbuzi, ana, chingwe m'khosi, dzanja la mlendo. Ife timayamba sukulu galu ali ndi chaka, khola la nkhuku litatsala tambala yekha. Ena amamutsekera m'kakhola ndi kumuthirira kambuzi m'chakudya kuti akhale wolusa. Amalusadi, koma woyamba kulumidwa sakhala wakuba. Amakhala msuweni wobwera kudzabwereka khasu. Pamenepo nkhani yasanduka ya chiwewe, ulendo wa kuchipatala, ndi funso lija lopanda yankho: "Kodi anabayitsa?" Katemera amayamba galu ali ndi miyezi itatu, ndipo galu wozolowera chingwe amapita kwa alangizi a ziweto akugwedeza mchira. Wosazolowera amathamangitsidwa ndi banja lonse m'mizere ya chimanga, anthu oyandikana nawo akuonerera ulere.

Watsala ndi mtengo umodzi wovuta, uja wakhala pamphasa. Bambo wina atalimba mtima anayamba bwinobwino: "Amayi, pepanitu, koma galuyu mukumuwononga ndinu." Agogo anamaliza kaye kutafuna, nasamba m'manja. "Inunso, bambo, tinakulerani ndi nthongo zobisa zomwezi. Lero mwayamba kuluma?"