Makhalidwe a Anthu a Lendi M'tsinde mwa Phiri la Zomba

Mzinda wa Zomba, umene kalembera wa mu 2018 anaupeza ndi anthu 105,013, uli ndi mitundu iwiri ikuluikulu ya anthu, ndipo kusiyana kwa mitunduyi sikuyendera chilankhulo, mpingo kapena chipani, koma mmene munthu amamvera mumtima mwezi ukamapita kumapeto. Mtundu woyamba ndi wa alandilodi, kutanthauza eni nyumba, amene amadikira tsiku la 30 monga mlimi adikira mvula yobzalira. Mtundu wachiwiri ndi wa matenanti, kutanthauza anthu ogona m'nyumba za eni polipira ndalama yotchedwa lendi, amene tsiku lomwelo amalidikira monga munthu woitanidwa kubwalo la mfumu. Tenanti tingamufotokoze mwachidule kuti ndi mlendo amene amalipira kuti akhalebe mlendo, pakuti ngakhale atakhala pakhomo zaka zambiri, kubereka ana ndi kuwakwatitsa pomwepo, saloledwa kukhoma msomali pakhoma asanapemphe.

Kuti khalidwe la anthuwa limveke bwino, m'pofunika kukumbukira mmene mzindawu unakhalira. Zomba inali likulu la dziko kuyambira mu 1891 mpaka mu 1975, ndipo atsamunda poumanga anatsata phiri, mwakuti akuluakulu a boma anakhala kumtunda kozizira ndi kwa mitengo yambiri, pomwe makalaliki, amesenjala ndi antchito ena anatsetserekera kumunsi molingana ndi kuchepa kwa malipiro awo. Likulu linasamukira ku Lilongwe, aphungu a Nyumba ya Malamulo anatsatira m'zaka za m'ma 1990, koma ulemu wa chitunda sunakwere nawo lole. Mpaka lero funso loti "Mumakhala kuti?" limafunsidwa pofuna kudziwa msinkhu wa munthu m'thumba, ndipo mayankho ake amakonzedwa mosamala. Wogona m'boyizikota, ndiko kuti kanyumba ka kuseri kamene kale kanali ka khukhi wa mzungu, amayankha molimba mtima kuti amakhala ku Mulunguzi, osatchula mbali ya mpanda imene amatulukira. Wa ku Chikanda amati amakhala kufupi ndi yunivesite, wa ku Mpondabwino amati ali chapafupi ndi chipatala chachikulu, pomwe wa ku Matawale, amene phiri amaliona bwino kuposa okhala m'phirimo, amayankha kuti iye sakonda kuzizira.

Munthu wofuna nyumba amayamba ndi kudutsa m'manja mwa ejenti, amene ena amamutcha dobadoba, yemwe ndi mkhalapakati wopanda ofesi koma wokhala ndi mafoni awiri ndi nsapato zodziwa njira zonse zachidule. Ejenti salipidwa chifukwa chopeza nyumba kokha, amalipidwanso chifukwa choionetsa, kotero kuti nyumba yoipa imene anthu ambiri amaiona n'kuikana imamupindulira kuposa yabwino imene imatengedwa ndi munthu woyamba. Chilankhulo cha ejenti chimafuna womasulira. Akati nyumba ili "pafupi ndi msewu," ndiye kuti kulira kwa maminibasi a ku Liwonde kumamveka usiku kukakhala bata. Akati "madzi ali pompo," akhoza kutanthauza mpopi wa pakhomo, wa kwa aneba, kapena mtsinje wa Likangala. Akati ndi "pamalo poona patali," wofuna nyumba ayembekezere chitunda chimene wakabaza, yemwe ndi wonyamula anthu panjinga, amafika pakati n'kupempha mwaulemu kuti, "Bwana, tatsikani pang'ono tithandizane," kenako onse awiri amayenda wapansi, wina akukankha njinga ndipo wina atalipira kale. Nyumba "yongomalizidwa kumene" ndi imene tenanti adzaimalizitse ndi ndalama ya adivansi, yomwe ndi lendi ya miyezi itatu yoperekeratu munthu asanaone ngati chitseko chimatsekeka.

Ejenti akamaliza mbali yake, pamabwera mayeso a kwa landilodi, amene amafanana ndi mafunso a ankhoswe pa chinkhoswe, kungoti pano wofunsidwa ndiye amaperekanso nkhuku. Amafunsidwa kwawo, mpingo wake, ngati ali pabanja, chiwerengero cha ana, ndiponso ngati achibale ake amakonda kudwala, popeza Zomba ili ndi chipatala chachikulu ndipo aliyense wokhala m'tauni amasanduka malo ofikira a mudzi wonse. Funso lenileni, lomwe limabwera pomaliza ngati longokumbukira, ndi la kuntchito. Zomba ndi mzinda wodya malipiro a boma, pakuti muli asilikali a ku Cobbe Barracks, apolisi, oyang'anira ndende, anamwino, aphunzitsi, ogwira ntchito kosindikiza mabuku a boma ndi ku ofesi yowerengera anthu, ndipo landilodi wodziwa ntchito yake amamva kuti malipiro alowa mwini malipiroyo asanamve. Mphunzitsi amakondedwa chifukwa ali ndi manyazi. Msilikali amalemekezedwa chifukwa ndalama yake ndi yodalirika, ngakhale kuti kukamugogodera m'mamawa kumafuna munthu woyamba wapemphera. Wonena kuti amachita geni, ndiko kuti kabizinesi kodzilemba yekha, amauzidwa mwachisoni kuti nyumba yangotengedwa dzulo.

Ophunzira ali ndi malo awoawo m'dongosololi. Chancellor College inasamukira ku Zomba mu 1973, ndipo lero, pamene sukuluyi ikudziwika ndi dzina loti University of Malawi, ophunzira ake ndi ochuluka kuposa mabedi a m'mahositelo ake. Alandilodi a ku Chikanda anathandiza maphunziro a m'dziko muno potulukira masamu atsopano, oti chipinda sichiwerengedwa ndi makoma koma ndi mitu ya ogonamo, mwakuti pabalaza pamene banja limodzi linkamwerapo tiyi pakhoza kugona ophunzira malamulo anayi. Ophunzirawa amadziwa bwino ufulu wa tenanti monga ulili m'mabuku, ndipo amaufotokoza m'Chingerezi chomveka kwa gogo mwini nyumba, amene amamvetsera modekha mpaka kumapeto, kenako n'kuyankha kuti, "Mwanena bwino adzukulu anga, koma kiyi wa bafa ali ndi ine."

Alandilodi nawo ali m'magulu awiri. Pali wakutali, wokhala ku Blantyre, ku Lilongwe kapena ku Johannesburg, amene foni yake imapezeka kuyambira pa 28 mpaka pa 5, n'kusowa netiweki tsiku limene chimbudzi chagumuka. Palinso wa pompano, wokhala mumpanda umodzi ndi matenanti ake, ndipo uyu ndiye woyenera kumuphunzira mofatsa. Iye amakhala pakhonde la nyumba yaikulu moyang'anana ndi geti, pamalo pamene jumbo iliyonse yolowa imayesedwa ndi maso. Ichi n'chifukwa chake tenanti wanzeru akagula nyama amaiika pansi pa jumbo, pamwamba n'kuyalapo mpiru ndi matemba a ku Chilwa, podziwa kuti fungo la nyama yokazinga likatuluka kawiri pa sabata limamasuliridwa kuti pakhomopo pali ndalama yosowa kopita. Kugula sofa n'koopsa kwambiri, popeza sofa sabisika m'jumbo. Mayi mwini mpanda amabwera kudzaiyamikira, amaikhalira, amaisisita, amanena kuti, "Koma ndiye Mulungu wakuonani, amake mwana," ndipo patatha milungu iwiri kalata yokweza lendi imapezeka pansi pa chitseko.

Mumpanda wotere muli malamulo osalembedwa koma odziwika ndi onse. Kusesa pabwalo ndi kutsuka chimbudzi zimayenda mwa kasinthasintha pakati pa makomo onse kupatula khomo lalikulu. Mtengo wa mapeyala umene uli pakhomo pa tenanti ndi wa landilodi ukabereka, koma masamba ake akayoyoka ndi a tenanti. Mwana wa landilodi akamenya mwana wa tenanti, akuti ana akusewera, pomwe zikatembenuka pamaitanidwa msonkhano wokambirana za kaleredwe. Pa nkhani ya zipatso, okhala chakumtunda ali ndi mpumulo pang'ono, chifukwa apusi otsika m'nkhalango ya m'phiri amakolola mango ndi chimanga mosafunsa za umwini, ndipo ndi okhawo okhala mumpandamo amene landilodi sanapezebe njira yowapatsira notisi.

Palibe chinthu chimene chinadanitsa Akhristu ndi Asilamu abwino a mu Zomba kuposa mita imodzi ya magetsi yodyetsa makomo asanu. Mita yamakono imadya mayunitsi, ndiko kuti magetsi ogulidwiratu, ndipo mayunitsi akatha imazimitsa mosakondera wosonkha ndi wosasonkha. Khomo lililonse limalumbira kuti lili ndi babu limodzi ndi tchaja ya foni basi, koma mayunitsi a mwezi wathunthu amatha m'masiku asanu ndi anayi, zomwe zimasonyeza kuti mumpandamo muli hotipuleti, mbaula ya magetsi imene masana imagona kunsi kwa bedi, usiku n'kudzuka kudzaphika nyemba. Umboni wake ndi woti pakhomo pamene sipanaoneke makala sabata yonse anthu akunenepabe. Madzi, amene amatsika okha kuchokera ku damu la Mulunguzi pamwamba pa phiri, amabweretsa mlandu wa mtundu wina, woti bilu igawidwe potengera makomo kapena mitu ya anthu. Mbeta imafuna mitu, wa ana asanu ndi mmodzi amafuna makomo, ndipo landilodi, amene ali ndi dimba la masamba kuseri, amagamula kuti madzi ndi moyo, anthu asamawerengerane.

Phiri la Zomba, lomwe nsonga yake imapitirira mamita 2,000, limalowereranso m'pangano la lendi ngakhale silisayina nawo. M'miyezi ya June ndi July kumagwa chiperoni, kamvula kowaza kobwera ndi mphepo yozizira, ndipo nthawi ya dzinja phiri limakoka mvula yochuluka kuposa ya kuchigwa. Chichewa chinachita bwino kupatsa dzina limodzi loti nkhungu kwa utsi woyera wokuta phiri ndi kwa zobiriwira zomera pakhoma lachinyezi, chifukwa m'nyumba zambiri za lendi mitundu iwiriyi imachezerana, wina panja, wina pa suti ya ukwati imene ili m'sutikesi. Denga likadontha, landilodi amafotokoza kuti mmisiri sangakwere pamalata onyowa, choncho adzakonza mvula ikatha; mvula ikatha amaonetsa tenanti kuti denga lasiya kudontha. Achikulire akamva dandaulo la madzi olowa m'nyumba amakumbutsa za napolo wa mu December 1946, chigumula chimene chinatsika m'phiri ndi miyala n'kukokolola milatho ndi nyumba, ndipo poyerekeza ndi zimenezo, mabeseni atatu a pabalaza amaoneka ngati nkhani yosayenera kudzutsira munthu wamkulu.

Mwambo wa kumapeto kwa mwezi umachitika mwaulemu waukulu, pakuti ndalama siitchulidwa ndi dzina. Landilodi amafika m'mamawa ndi "Odi kuno," amafunsa za ana mmodzimmodzi, amadandaula za msana ndi mtengo wa feteleza, kenako amati, "Ndimati ndingokuonani, achimwene." Tenanti amayankha kuti, "Mwachita bwino madala, nanenso ndimati ndikupezeni, koma zinthu sizinalowe," ndipo onse awiri amapukusa mitu pomvera chisoni zinthuzo. Pa 5 moni amafupika, pa 10 amasanduka chifuwa chokhosomolera pawindo, ndipo pa 15 mwana amaphunzitsidwa kunena kuti adadi achokapo, ngakhale ana ena osaphunzitsika amaonjeza kuti, "Akuti ndinene kuti achokapo."

Lendi imakwera pa zifukwa zimene tenanti sangazitsutse. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, nyumba zomangidwa m'nthawi ya Kamuzu zinakwera mtengo chifukwa cha kudula kwa simenti, ngakhale kuti simenti yomaliza kufika pamakomo amenewo inagulidwa ndi matambala. Wokana kukwezeredwa sathamangitsidwa, popeza kuthamangitsa munthu n'kupanda umunthu. Iye amangouzidwa kuti mwana wa mwini nyumba akubwera kuchokera ku Joni ndipo akufuna pokhala, mwana amene oyandikana nawo akhala akumuyembekezera kwa matenanti anayi otsatizana. Njira imeneyi ikakanika, chitseko chimatengedwa kuti akachikonze, ndipo m'nyengo ya chiperoni nyumba yopanda chitseko imapereka notisi yokha.

Kusamuka kumachitika usiku pa zifukwa ziwiri, china cha ngongole ndi china cha maso a anthu, pakuti katundu wa munthu akakwezedwa palole masana, mphasa, mbaula yobooka ndi hotipuleti ija zimaonekera kwa onse amene analumbiriridwa. Mu Zomba mwambowu ndi wovuta chifukwa lole yobwereka siikwera chitunda mwakachetechete, ndipo yotsika imalira mabuleki mpaka agalu a ku Kalimbuka kudzuka. Komabe wosamuka amatenga zonse zimene malamulo a mumpanda amamulola, zomwe ndi loko wa pachitseko, chingwe choyanikira zovala, msomali uja anachita kupempha, ndi mababu onse. Pofika 7 koloko m'mawa landilodi amakhala atapaka laimu khoma la kumsewu, ndipo ejenti amakhala ali pageti ndi anthu atatu odzaona nyumba yongomalizidwa kumene, aliyense atalipira kale yoonera.