Chikomekome cha mapedulo

Amene anayamba kunena kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere anali asanaione galimoto ya Sienta. Akanaiona, mwambiwo akanautalikitsa.

Pa Nguludi Turn-off kwa Likoswe, pomwe msewu wopita ku mishoni ndi ku Catholic University umapatuka pa wa Midima, pamadutsa galimoto zotchena kuposa ankhoswe a ukwati: malimu onyezimira, magalasi akuda, chiwongolero chovala ubweya ngakhale mu Okutobala. Izi n'zoonetsa anthu. Wokonda galimoto weniweni amatsikira mpaka kumapazi, kumdima komwe pasinjala sasuzumirako, n'kumangirira pa buleki ndi pa faya tizitsulo ta aluminiyamu tobowolabowola, togula m'mashopu a zokongoletsera galimoto. Papaketi pake pamakhala mawu oti racing ndi kambendera ka mabokosi akuda ndi oyera. Mukamufunsa mwiniwake akuuzani mosaseka kuti, “Bwana, panopa ikumvera. Ndikangogusa, yanyamuka.”

Injini ndi yomwe ija ya malita 1.5 imene galimotoyo inabwera nayo kuchokera ku Japan, kudzera ku Dar es Salaam ndi pa Songwe. Mipando ndi isanu ndi iwiri, okwera ndi khumi, osawerengera thumba la nandolo ndi nkhuku. Ndipo m'galimoto zambiri za masiku ano faya alibenso waya wokoka: pansi pake pali kachipangizo kouza kompyuta kuti phazi laponda pofika pati, kompyutayo n'kumagawa mafuta. Kompyuta siona kunyezimira.

Komatu mkuyu tisaunamizire, si nkhuyu zonse zili ndi nyerere. Mapedulo a mpikisano enieni alipo, ndipo ntchito yake ndi yomveka. Makampani a ku Italy monga OMP, yomwe inayamba mu 1973, ndi Sparco ya mu 1977, amapanga zopondera zokakala kuti nsapato isaterereke, ndipo cha faya amachikulitsa kuti chiyandikire buleki. Chifukwa chake n'chakuti woyendetsa pa mpikisano akamayandikira pokhota amagwira ntchito zitatu ndi mapazi awiri: lamanzere pa kilatchi, zala za lamanja pa buleki, chidendene kapena m'mbali mwa phazi lomwelo n'kugogoda faya pang'ono kuti injini ikweze liwiro giya yotsika isanalowe. Akapanda kutero mataya amadzidzimuka, galimoto n'kuponya matako. Azungu amati heel-and-toe. Pali kanema wotchuka wa katswiri wa mpikisano Ayrton Senna akuyendetsa Honda NSX pa bwalo la Suzuka ku Japan, kamera italoza kumapazi: masokosi oyera, nsapato zopanda zingwe ngati akupita ku ofesi, phazi likuvina pa zopondera ziwiri nthawi imodzi. Anthu amaonerera mapaziwo mpaka lero.

Amene ali ndi ndalama zenizeni sagula zovundikira. Amazula zonse n'kuikamo chimango chatsopano cha makampani ngati Tilton kapena AP Racing, chokhala ndi mapampu awiri a mabuleki, ina ya mataya akutsogolo ina ya akumbuyo, ndi kamtanda pakati kosinthira mbali yoti igwire kwambiri. Apa kukoma kuli m'kati, kunja n'kosaoneka bwino n'komwe.

Vuto la mnyamata wa pa Turn-off ndi lakuti galimoto yake ndi ya otomatiki. Kilatchi mulibe. Luso lonse la Senna lilibe pogwira, ndipo phazi lamanzere limangokhala phee ngati mlendo. Chomutonthoza chilipo ndithu: galimoto za Formula One za masiku ano nazonso zili ndi zopondera ziwiri zokha, kilatchi inasamukira kuseri kwa chiwongolero. Pa nkhani ya kuwerenga mapedulo, iye ndi Lewis Hamilton ndi amodzi. Amasiyana poti Hamilton amaponda buleki ndi phazi lamanzere, ndi mphamvu yoposa makilogalamu 100, pomwe mnzathuyu amaponda kawiri katatu kuti buleki idzuke kaye. Bwalo la mpikisano wotere nalo lili kutali: Formula One inathamangitsidwa komaliza mu Africa mu 1993, ku Kyalami pafupi ndi Johannesburg. Pa Midima opikisana nawo ndi a kabaza, mbuzi ndi a polisi a pamsewu ndi kamera yawo.

Tsopano nyerere. Labala lakuda lomwe kampani inaveka pa buleki silinaikidwe chifukwa chosowa nzeru zokongoletsa. Labala limagwira nsapato yonyowa. Ku Chiradzulu chiperoni chikagwa, dalaivala amatsika kukakweza katundu, n'kubwerera ndi matope kuphazi, nthawi zina atavala masilipasi. Phazi lotere pa chitsulo chosalala limatsetsereka pa nthawi imene mwana wa sukulu wadumpha msewu. Zovundikira zotchipa sizimangidwa ndi mabawuti, zimangokolekedwa ndi timalata topinda kumbuyo, ndipo m'misewu ya fumbi yolowera kumidzi timalatato timamasuka tsiku ndi tsiku. Chikapendama chimatha kukola pa kapeti. Cha faya chokulitsidwa chija, chimene chimathandiza a mpikisano, chimachititsa kuti phazi lalikulu liponde buleki ndi faya pamodzi, galimoto n'kusowa womumvera.

Nyerere zenizeni zili m'kati mwenimweni, komwe ndalama ya zonyezimirazo ikanapita. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi, n'chifukwa chake opanga galimoto ambiri amati azisinthidwa pakatha zaka ziwiri. Mafuta akale akatentha pamtsetse wautali, monga wochoka ku Limbe kulowera ku Mulanje galimoto itadzaza, madzi a m'katimo amawira, chopondera n'kumira mpaka pansi osagwira kanthu. Chimamira chikunyezimira. Koma mafuta atsopano a mabuleki palibe amene angakuyamikireni nawo pa siteji, ndiye amadikira mpaka tsiku la COF, loyezetsa galimoto, likayandikira.

Wina asaganize kuti izi ndi za amphawi okha. Mu Ogasiti 2009, pafupi ndi San Diego ku America, Lexus ES 350 inathamanga yokha faya atakola pa kapeti yosayenera galimotoyo, ndipo anthu anayi a banja limodzi anafa. Chaka chomwecho Toyota, eni ake a Lexus, inaitanitsa galimoto pafupifupi 3.8 miliyoni chifukwa cha makapeti, ndipo mu Januwale 2010 zinanso 2.3 miliyoni chifukwa cha faya wochedwa kubwerera. Akatswiri odziwa masamu anagwa ndi chopondera.

Ya Tesla ndiye yoseketsa, poti inatha popanda maliro odziwika. Mu Epulo 2024 kampani ya Elon Musk inaitanitsa ma Cybertruck 3,878, galimoto zamagetsi zachitsulo chowala zokwera mtengo kuposa nyumba zambiri za m'boma la Chiradzulu. Chovundikira cha faya chinkavuka munthu akaponda mwamphamvu, n'kukakola kutsogolo faya ali pansi. Atafufuza anapeza kuti pafakitale anthu ankapaka sopo kuti chovundikiracho chilowe msanga, sopoyo n'kutsalira m'kati. Mankhwala ake anali kubowola kabowo n'kukhomapo riveti imodzi, ntchito imene wokhoma ndowa aliyense wa mu msika wa Ndirande akanaigwira akucheza, n'kungopempha ya sopo.